Mbalame Yothyoka Phiko: Kuimanga, Kuisunga Kapena Kuipumitsa?

Nyengo ya dzinja ikafika m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, ana obusa ng'ombe amabwera kunyumba ndi zambiri zotola kuthengo. Zina ndi bowa, zina ndi mbalame zamoyo. Wina amaipeza kudambo ikudumphadumpha, phiko limodzi likukhwekhwereza pansi. Wina amaitola pansi pa mawaya a magetsi m'mbali mwa msewu wa ku Ulónguè. Ina imakhala yolasidwa ndi legeni ya mwana wa m'mudzi momwemo. Mwana uja amafika pakhomo ataifungatira m'malaya, akufuula kuti, "Amayi, taonani chimene ndatola!"

Zotsatira zake n'zodziwika. Mbalame ija amaimanga chingwe kumwendo, naiika pansi pa nkhokwe, naipatsa nsima ndi madzi m'phale. Ana amaunjikana, agalu amazungulirazungulira. Pofika tsiku lachitatu mbalame yafa, ndipo a pabanjapo amati adayesetsa. Akuluakulu adati chisoni chidapha nkhwali. Pa nkhani ino chisoni chimapha yemwe akumveredwa chisoniyo.

Madotolo a zinyama amene amathandiza mbalame zakuthengo amadziwa njira zitatu zokha. Yoyamba ndi kumanga phiko kuti mbalame ibwerere kuthengo. Yachiwiri ndi kuisunga moyo wake wonse. Yachitatu ndi kuipha msanga kuti isavutike. Posankha njira amadzifunsa funso limodzi: kodi mbalameyi idzaulukanso mokwanira kudzipezera chakudya ndi kuthawa adani?

KODI PHIKO LATHYOKADI?

Si mbalame iliyonse yokhala pansi imene yathyoka phiko. Lumbe amaikira mazira pansi, ndipo munthu akayandikira ana ake, iye amagubuduka ndi kukoka phiko ngati wavulala kuti mdani amutsate ndi kusiya anawo. Akafika patali amangouluka bwinobwino. Ana a mbalame zambiri nawonso amatuluka m'chisa asanakhwime mapiko. Amakhala masiku angapo pansi kapena pa nthambi zam'munsi makolo awo akuwadyetsa. Wotola mwana wotereyu amakhala kuti wamuba kwa amake.

Phiko lothyoka limadziwika poyerekeza ndi linzake. Limalendewera pansi, kapena limapindika molakwika, ndipo mbalame imalephera kulipinda pathupi. Nthawi zina pamaoneka magazi, mwinanso fupa lotulukira kunja. Koma ngati mapiko onse ali bwino pamene mbalame ili lefu, ikugwedeza mutu kapena kutuluka dovu, vuto lingakhale matenda kapena poizoni. Mbalame yotere sagwira ndi manja okha, ndipo sadya.

PHIKO LA NKHUKU NDILO MPHUNZITSI

Aliyense amene adadyapo phiko la nkhuku akudziwa kale mmene phiko la mbalame lilili. Lili ndi zigawo zitatu. Kufupi ndi chifuwa kuli fupa limodzi lalikulu. Pakati pali mafupa awiri oyandikana. Kumapeto kuli kansonga ka timafupa ting'onoting'ono, pamene pamamera nthenga zitalizitali zoulukira. Pamene pathyoka ndipo pamaneneratu tsogolo la mbalame.

Likathyoka limodzi mwa mafupa awiri apakati aja, mwayi ulipo waukulu, pakuti lotsalalo limagwiriziza linzake monga mzati. Akathyoka onse awiri ntchito imakula. Fupa lalikulu la kufupi ndi chifuwa ndi lovuta kwambiri. Minofu yamphamvu ya pachifuwa imakoka zidutswa zake n'kuzipatutsa, kotero kuti bandeji yokha siingaligwire. Ndiponso mwa mbalame zambiri zouluka fupa limeneli ndi lamphako, ndipo mphakoyo imalumikizana ndi timatumba ta mpweya timene mbalame imapumira. Likathyoka n'kuboola khungu, litsiro limatha kulowa mpaka m'njira zopumira.

Palinso fupa lina lobisika pa phewa, limene limathyoka mbalame ikagunda khoma, galimoto kapena waya ndi chifuwa. Phiko limaoneka ngati lili bwino koma mbalame imalephera kunyamuka. Fupa limeneli kawirikawiri limapola lokha mbalame ikasungidwa milungu ingapo pamalo opanikiza pamene singakupize mapiko.

NTCHITO YA DOTOLO

Kumene kuli chipatala cha nyama zakuthengo, dotolo sathamangira fupa. Amayamba waipatsa mbalame madzi a m'thupi, mankhwala oletsa ululu ndi malo ofunda, chifukwa zambiri zimafa ndi mantha ndi kufooka, osati ndi fupalo. Ikalimba amaijambula ndi makina a X-ray kuti aone pamene pathyoka.

Ngati ndi mafupa apakati kapena a kunsonga, amapinda phiko monga mmene mbalame imalipindira ikatera, nalimanga ndi bandeji yopingasa ngati nambala 8. Ngati ndi fupa lalikulu, amaigoneka ndi mankhwala nalowetsa timisomali tachitsulo togwira zidutswazo. Mafupa a mbalame amalumikizana msanga kuposa a munthu, kawirikawiri pa milungu 3 kapena 4. Kufulumiraku kuli ndi kuipa kwake: fupa likasiyidwa lopindika kwa masiku ochepa chabe, limayamba kugwirana lopindika momwemo.

Bandeji nayo ikakhalitsa imawononga. Mfundo za phiko zimauma, ndipo kachikopa kotambasuka kamene kali kutsogolo kwa phiko kamakhwinyata. N'chifukwa chake amamasula bandeji pakapita masiku ochepa, natambasula phiko pang'onopang'ono, namanganso. Fupa likapola, mbalame amaiika m'khola lalitali kuti iphunzirenso kuuluka ndi kubweza mphamvu. Saitulutsa asanaone kuti ikunyamuka kuchokera pansi, ikukhota bwino, ndipo ikutera popanda kugwa.

Mlingo wake umasiyana ndi mtundu wa mbalame. Nkhanga kapena nkhwali imakhalira kuyenda pansi, ndipo phiko lopola mokhotako pang'ono lingaikwanire. Koma kabawi amene amagwira nyama ali pa liwiro, ndi namzeze amene amadya tizilombo ali mlengalenga, amafunika phiko langwiro. Kutulutsa kabawi wa phiko lolumala n'kumupereka ku njala ya masiku ambiri.

PAMENE KUPHA KULI CHIFUNDO

Madotolo amagwirizana kuti mabala ena alibe chiyembekezo. Fupa lothyokera pa mfundo penipeni, monga pa chigongono cha phiko, limapola ndi mfundo youma, ndipo phikolo silitambasukanso. Fupa lotulukira kunja limene lakhala tsiku limodzi kapena awiri limauma, limada, n'kufa, ndipo fupa lakufa sililumikizana. Phiko lotenthedwa ndi magetsi limayamba kuola patapita masiku. Mbalame imene yafa miyendo chifukwa cha msana wothyoka nayonso siidzukanso.

Pamenepa dotolo amabaya jakisoni woti mbalame igone osadzukanso. Kwa anthu ena zimaoneka ngati nkhanza. Koma mbalame yakuthengo siili ngati nkhuku yozolowera anthu. Kwa iyo munthu aliyense woyandikira ndi mdani wofuna kuidya, ndipo imabisa ululu wake chifukwa kuthengo yooneka yofooka ndiyo imayamba kugwidwa. Mbalame imene yangokhala phee m'manja mwa mwana sikuti yamukonda. Yauma ndi mantha.

ZINA ZIMASUNGIDWA

Njira yosunga mbalame moyo wake wonse ilipo, koma njodula. Chitsanzo chotchuka chidachitika kutali, m'dziko la Croatia ku Ulaya. M'chaka cha 1993 bambo Stjepan Vokić, wosamalira sukulu ku Brodski Varoš, adapeza dokowe woyera wamkazi atawomberedwa phiko ndi mlenje. Adamutcha Malena. Dokoweyo sadathenso kuuluka ulendo wautali. Anzake akanyamuka kuthawa chisanu kupita ku Africa, iye ankatsala, ndipo bambowo ankamusunga m'nyumba yofunda, namuwedzera nsomba. Patapita zaka kudabwera dokowe wamwamuna amene adamutcha Klepetan. Iyeyu ankabwerera ku chisa chomwecho chaka ndi chaka, ndipo awiriwa adalera ana 66. Malena adafa m'chaka cha 2021, atasamalidwa zaka 28.

Madokowe oyera a mtundu umenewu ndi omwe aja amaoneka m'minda ndi m'madambo a kuno nthawi ya mvula, akudya dzombe ndi mbozi. Nkhani ya Malena imakoma kumva, koma wofuna kutengera chitsanzo awerengere kaye zaka 28 zofuna nsomba tsiku ndi tsiku.

Ku South Africa kuli bungwe la VulPro, limene lidayamba m'chaka cha 2007 kuthandiza miimba. Yambiri imafika kumeneko itathyoka mapiko pa mawaya a magetsi. Yopola amaitulutsa. Yolumala amaisunga m'makola aakulu pamodzi ndi inzake, imaikira mazira, ndipo ana ake amakawatulutsa kuthengo. Amatero chifukwa muimba umaikira dzira limodzi lokha pa chaka ndipo mitundu ingapo ili pafupi kutha. Choncho mbalame yolumala amaisunga ngati ilibe ululu, ngati pali malo ndi chakudya choyenera, ndiponso ngati pali chifukwa. Kadzidzi womangidwa chingwe pansi pa nkhokwe alibe ngakhale chimodzi mwa zitatuzi.

ZOCHITA PAMUDZI

Chipatala cha mbalame chili kutali ndi midzi ya m'malire, koma maola oyambirira ali m'manja mwa wotolayo. Aiphimbe ndi chitenje kapena thumba kuti isaone, naigwire mapiko onse ali opinda pathupi. Kwa kadzidzi, kabawi ndi chiwombankhanga choopsa ndi zikhadabo. Kwa dokowe ndi kakowa choopsa ndi mlomo, pakuti amalasa m'maso. Aiike m'katoni yoboola timabowo, pansi atayala nsanza, pamalo amdima ndi achete, kutali ndi ana, agalu ndi amphaka. Chitete cha nkhuku kapena khola la waya siliyenera, chifukwa mbalame imadzimenya n'kuthyola nthenga.

Asaithire madzi m'kamwa. Khomo la njira yopumira lili kuseri kwa lilime, ndipo madontho ochepa akhoza kuitsamwitsa. Asaipatse nsima kapena mkaka. Asayese kuwongola fupa kapena kumanga phiko ndi mphira ndi timitengo. Koposa zonse asaipatse mapiritsi a anthu kapena a ng'ombe. Mankhwala a ululu otchedwa diclofenac adapha miimba ya ku India imene inkadya mitembo ya ng'ombe zobayidwa mankhwalawo. Pa miimba 100 iliyonse ya mitundu itatu, yoposa 95 idatha, ndipo m'chaka cha 2006 dzikolo lidaletsa mankhwalawo pa ziweto.

Mbalame yakuthengo isayandikire khola la nkhuku, ndipo woigwira asambe m'manja ndi sopo. Chitopa ndi chimfine cha mbalame zimatha kudutsa pakati pa mbalame zakuthengo ndi zoweta. M'chaka cha 2023 chimfine cha mbalame chidapezeka pa famu ya nkhuku ku Morrumbene, m'chigawo cha Inhambane, ndipo nkhuku zikwizikwi zidaphedwa.

Ikakhala mbalame yaikulu monga muimba, nkhwazi, dokowe kapena nang'omba, nkhani ipite tsiku lomwelo kwa amfumu ndi kwa mlangizi wa ziweto ku ofesi ya SDAE pa boma. Iwo ndiwo angalumikizane ndi a ANAC, amene amayang'anira malo osungirako nyama monga paki ya Mágoè. Lamulo nambala 16/2014, limene lidakhwimitsidwa ndi lamulo 5/2017, limaletsa kupha, kugwira ndi kugulitsa nyama zotetezedwa popanda chilolezo. Mbalame yotere ikapezeka ndi mphete yachitsulo kumwendo, nambala yake ilembedwe ndi kuperekedwa kwa a boma, chifukwa imasonyeza kumene mbalameyo idachokera. Tsidya la malire kuli Lilongwe Wildlife Centre imene imalandira nyama zovulala, koma kudutsa ndi mbalame yakuthengo pa chipata cha Calómuè popanda mapepala ndi mlandu.

Nanga kambalame monga njiwa, pamene mlangizi ali kutali? Ngati khungu silinabooke ndipo phiko langotsika pang'ono, ikhoza kusungidwa milungu 3 m'katoni yaing'ono, ndi mapira kapena mphale ndi madzi m'kambale kosaya, osaigwiragwira. Pambuyo pake iyesedwe m'chipinda chotseka. Ikanyamuka pansi mpaka kudenga, ikatulutsidwe kumene idatoledwa, m'mawa. Koma ngati fupa latuluka, pakununkha, kapena phiko likungolendewera ndi khungu, munthu wamkulu aiphe kamodzi n'kamodzi monga amachitira ndi nkhuku. Kuipereka kwa ana kuti aziseweretsa ndi chingwe mpaka ife ndiyo nkhanza yeniyeni, ngakhale palibe amene adaimenya.

Mapiko ambiri a m'midzi amathyoledwa ndi legeni. Kadzidzi amagendedwa chifukwa cha mbiri ya malodza, chonsecho banja limodzi la akadzidzi limadya mbewa ndi makoswe oposa 1,000 pa chaka, omwewo amene amaboola nkhokwe. Mwala umodzi umathyola fupa limene dotolo wa makina ndi mankhwala amalimbana nalo mwezi wathunthu, nthawi zina osapambana. Agogo amene amauza mdzukulu kuti, "Iwe, siya mbalameyo, ikutilondera chimanga," amapulumutsa mapiko ambiri kuposa bandeji.