Apusi a ku Italy aulula chinsinsi cha ubongo

Mnzanu wapabenchi akadzicheka podula kabichi, bwanji inunso thupi limachita tsemwe?

Nkhani yake idayambira ku Parma, m'dziko la Italy. Mu 1992, gulu la Giacomo Rizzolatti lidapeza kuti pusi akamatola chakudya, timaselo tina muubongo mwake timatakataka. Chodabwitsa n'chakuti akangoona munthu akutola chakudyacho, timaselo tomweto timatakatakanso, iye ali phee! Adatitcha mirror neurons, ati timachita ngati kalilole. Mu 2010 tidapezekanso mwa anthu.

Ena akuti kutsanzira ndi chifundo zimachokera pamenepa. Anzawo akutsutsa, ati timaseloti patokha sitikwanira, ndipo timachita kuphunzira pa zomwe munthu amaona ndi kuchita.

Ndiye samalani, abale. Mwana amene mumakhala naye pamsikayo akuona momwe mumayezera nyemba.