Si zilonda zonse za m'mutu zomwe ndi chipere

Tsitsi likayamba kuthothoka, m'mutu n'kutuluka tizilonda, ambiri amafulumira kunena kuti ndi chipere. Kwa ana nthawi zambiri amalondola. Koma pakati pa akuluakulu pali nthenda ina yosowa, folliculitis decalvans, imene dokotala wa ku France, Quinquaud, anailongosola m'chaka cha 1888. Chipere chikathandizidwa msanga tsitsi limameranso. Nthenda iyi imapha muzu weniweniwo n'kusiya chipsera chosalala, chong'azima, pomwe tsitsi silidzameranso.

Imakonda paliwombo ndi chakunkhongo. Pamatuluka tiziphuphu ta mafinya ndi nkhanambo, poyabwa kapena kupweteka, ndipo chigambacho chimakula pang'onopang'ono. Chizindikiro chodziwikiratu n'chakuti tsitsi lambiri limatulukira pa kabowo kamodzi ngati mswachi. M'mafinyamo mumapezeka kawirikawiri kachilombo ka Staphylococcus aureus, koma chimene chimawononga kwambiri ndi kutupa kumene thupi limadzetsa polimbana nako.

Kwa munthu wa ku Ndunde m'boma la Chiradzulu, njira imayambira pachipatala chaching'ono cha m'deralo, kenako chipatala cha boma, mpaka kwa madokotala a khungu ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Madokotala amayeza mafinya, amapala khungu kuti atsimikize kuti si chipere, ndipo mwina amadula kachikopa kakang'ono kokaunika, popeza nthenda zina, monga lupus, zimasiyanso zipsera zofanana. Ulendowu ndi wodula, komabe miyezi yotayika podzola mafuta ogula pamsika imadya tsitsi lomwe likanapulumuka.

Chithandizo cholinga chake n'kuzimitsa kutupako ndi kuteteza tsitsi lotsala. Dokotala amapereka doxycycline kwa miyezi ingapo, pamodzi ndi sopo wopha tizilombo ndi mankhwala opaka. Zikakanika, ena amaphatikiza rifampicin ndi clindamycin kwa milungu pafupifupi 10.

Apa m'pofunika kusamala. Rifampicin ndi mankhwala a TB, ndipo amafooketsa mphamvu ya ma ARV monga dolutegravir, komanso mapiritsi olera ndi kolera ka pamkono. M'boma limene anthu ambiri ali pa ma ARV, kuyambira pomwe bungwe la MSF linayamba kuwapereka mu 2001, wodwala auze dokotala mankhwala onse omwe akumwa.

Nthendayi imakonda kubwerera, choncho tiziphuphu tikayambiranso m'mbali mwa chipsera, wodwala abwerere kuchipatala asanamete.