Mawu aatali achipatala amadulidwa ngati nzimbe

Wowerenga wina wandifunsa katchulidwe ka mawu akuti gastroenteritis, omwe adokotala adalemba m'kabuku kake kakuchipatala. Inenso mawu otere ankandimanga lilime, poti ndinkafuna kuwatchula onse kamodzi.

Mawu ambiri achipatala adachokera ku Chigiriki, ndipo ndi olumikizalumikiza. Ali ngati nzimbe: yambani mwapeza mfundo zake, kenako dulani pomwepo. Gastro ndi chifu, entero ndi matumbo, pomwe itis ndi kutupa. Tsopano tchulani pang'onopang'ono: gas-tro-en-te-rai-tis, mukutsindika pa rai. Chimodzimodzinso hepatitis, kutupa kwa chiwindi: he-pa-tai-tis.

Zilembo zina zimatisokoneza chifukwa m'Chichewa zimamveka mwina. Ph wa mu pharmacy amamveka f, osati ngati wa mu phiri. Ch wa mu cholera amamveka k, n'chifukwa chake timati kolera. P woyambirira wa mu pneumonia satchulidwa m'Chingerezi.

Izi n'zofunika, chifukwa wodwala wotha kutchula nthenda yake amafunsa adokotala mosachita manyazi, ndipo akapita kuchipatala china amafotokoza zomveka. Dzina likakukanikani, apempheni alitchule mwapang'onopang'ono, inu mubwereze.