Windows Yakale Musaifufute Msanga

Pa 14 Okutobala 2025, Microsoft inaleka kusamalira Windows 10. Malaputopu ambiri amene ndimakonza kuno ku Katete sangakwanitse Windows 11, ndipo eni ake alibe ndalama zogulira atsopano.

Ine ndimawaikira Linux Mint pambali, koma Windows sindiifufuta cifukwa muli mapulogalamu awo olembera malisiti. Mu VirtualBox ndimapanga kafaelo ka VMDK koloza ku partition yakaleyo. Basi Windows imayaka mkati mwa Linux, zonse zili momwemo. Intaneti ndimaidula kumbali ya Windows kuti mavairasi asalowe.

Koma abale, tamverani. Yambani mwakopera mafaelo pa flash, ndipo zimitsani Fast Startup. Windows ikamayaka, partition yake musaitsegulenso mu Linux. Mukatero disiki imasokonezeka, nchito ya zaka zambiri n'kutayika tsiku limodzi.