Osema ziwiya za mitengo ku Rufunsa adalira nkhalango imene ikutha

Mthiko, cipande, mtondo, munsi ndi mbale za mtengo ndi ziwiya zimene zimapezeka m'makomo ambiri muno m'Zambia. Koma nchito yosema ziwiyazi m'boma la Rufunsa, m'cigawo ca Lusaka, ili pa ciopsezo cifukwa mitengo yoyenera kusema ikucepa.

Boma la Rufunsa, lomwe kale linali mbali ya boma la Chongwe, lili m'mbali mwa mseu wa Great East ndipo muli madera a mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda. Mseuwu ndiwo umabweretsa ogula ziwiya, koma ndiwonso umene magalimoto amanyamulirapo malasha kupita nawo ku Lusaka. Wootcha malasha amagwetsa mitengo yambiri nthawi imodzi, pamene mmisiri wosema amasankha mtengo umodzi wokhwima ndi kutulutsamo ziwiya zingapo.

Mmisiriyo sasema mtengo uliwonse. Ciwiya cokhudza cakudya cimafuna mtengo wosawawa, wopanda utomoni wa poizoni ndiponso wosang'aluka msanga. Pa mbale zolandirira alendo, amisiri amakonda mukwa, umene ena amaucha mlombwa, cifukwa sufumbwa, ciswe sicimaudya msanga, ndipo supindika ukauma. Akadula cipika ndi nkhwangwa, amacikumba ndi kasemasema, naciumitsa pamthunzi pang'onopang'ono, kenaka amacisalaza ndi kucidzoza mafuta ophikira. Cikaumitsidwa padzuwa lamphamvu cimacita ming'alu.

Vuto ndi lakuti mukwa umatenga zaka makumi angapo kuti ukhwime. Mtengo wina wa mtundu womwewo, mukula, unadulidwa kwambiri kuti ukagulitsidwe ku China, mpaka boma linaletsa kuudula ndi kuutumiza kunja m'caka ca 2017. M'caka ca 2019 mukula unaikidwa pa mndandanda waciwiri wa pangano la CITES, lomwe limayang'anira malonda a zomera ndi nyama za kuthengo pakati pa maiko. M'caka ca 2022, pa msonkhano wa ku Panama, mukwa nawonso unalowa pa mndandandawo. Izi zitanthauza kuti matabwa a mitengoyi sangatuluke m'dziko popanda cikalata ca cilolezo.

Muno m'dziko, lamulo la za nkhalango la m'caka ca 2015 likuti aliyense wodula mitengo kuti acite nayo malonda ayenera kutenga cilolezo ku dipatimenti ya za nkhalango. Lamulo lomweli limalolanso anthu a m'midzi kupanga magulu osamalira nkhalango zao mogwirizana ndi mafumu ndi boma. Kudzera m'magulu otere, amisiri angathe kugwirizana za mitengo yoyenera kudula ndi yoyenera kusiya kuti ikule.

Ogula nawonso ali ndi mbali yao, kaya agula m'mbali mwa mseu kapena ku Kabwata Cultural Village mu Lusaka. Mbale ya mtengo siyenera kunyikidwa m'madzi nthawi yaitali. Ikatsukidwa ipukutidwe, iumitsidwe pamthunzi, ndipo izidzozedwa mafuta nthawi ndi nthawi. Mbale yosamalidwa motere imakhala zaka zambiri, ndipo banja silifulumira kugula ina yofuna kugwetsa mtengo winanso.