Kuyeza ndi Kulumikiza Zigawo za Ndege ndi Makina Odziwongolera Okha: Phunziro Lochokera ku Bwalo la Ndege la ku Chongwe

1.0 Mawu Oyamba

Bwalo la ndege lalikulu koposa m'dziko la Zambia, limene ambiri amangoliti la ku Lusaka, lili m'boma la Chongwe, kumpoto chakum'mawa kwa mzindawo. Bwaloli linatsegulidwa m'chaka cha 1967, ndipo m'chaka cha 2011 linapatsidwa dzina la Kenneth Kaunda. Pabwalo pomwepo pali sukulu ya Zambia Air Services Training Institute, yodziwika ndi dzina lachidule lakuti ZASTI, imene imaphunzitsa ntchito za ndege, kuphatikizapo umisiri wokonza ndegezo. Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu sizipangidwa ku Zambia, koma miyeso imene inaikidwa pa ndege m'fakitale iyenera kusungidwa ndi mmisiri wa ku Chongwe kwa zaka zonse zimene ndegeyo ikuuluka. Cholinga chathu m'nkhani ino ndicho kufotokoza m'Chichewa, chimene ku Zambia chimatchedwa Chinyanja, mmene makina amayezera ndi kulumikizira zigawo za ndege, chifukwa chake muyeso uli wofunika chotere, ndiponso mawu amene mphunzitsi angagwiritse ntchito pophunzitsa zimenezi.

2.0 Gwero la Vuto

Ndege yamakono sipangidwa pamalo amodzi. Mwachitsanzo, mapiko a ndege ya Boeing 787 amapangidwa ku Nagoya m'dziko la Japan, zigawo zina za thunthu lake ku Grottaglie m'dziko la Italy, mutu wake ku Wichita m'dziko la America, ndipo kuyambira m'chaka cha 2021 zonsezi zimakalumikizidwa ku North Charleston. Nayo kampani ya Airbus imapanga mapiko ku Broughton, m'dera la Wales, ndi kuwatumiza ku Toulouse kapena ku Hamburg. Zigawo zimenezi n'zazitali mamita ambiri ndiponso n'zolemera, komabe zikakumana ziyenera kugwirana popanda kuzikakamiza. Phiko likapendekeka pang'ono, ndege imakokera kumbali imodzi ndipo imamwa mafuta ambiri. Zigawo ziwiri za thunthu zikamangidwa pamene pali mpata pakati pake, mabawuti ndi misomali yake amasenza katundu amene sanayenere kusenza, ndipo patapita zaka pamalopo pangayambe ming'alu.

3.0 Njira Yakale

Kwa zaka zambiri amisiri ankadalira zimango zazitsulo zikuluzikulu zotchedwa jig. Chimango chotere chimagwira ntchito yonga ya chikombole cha njerwa: chigawo chikalowamo bwino, ndiye kuti muyeso wake uli wolondola. Pofuna kutsimikiza kuti chimangocho chili chowongoka, amisiri ankagwiritsa ntchito levulo, chingwe chomangirira kachitsulo kolemera monga chija cha omanga nyumba, ndiponso chipangizo cha oyeza malo chotchedwa theodolite. Mipata yotsala ankaitseka ndi tizitsulo topyapyala totchedwa shim, timene ankatipala ndi manja kufikira titalowa bwino. Njira imeneyi inatulutsa ndege zambiri zabwino, koma inali ndi zovuta zitatu. Choyamba, chimango chilichonse chinkapangidwira mtundu umodzi wokha wa ndege. Chachiwiri, chimango chikapindika pang'ono, ndege zonse zotuluka mmenemo zinkatengera cholakwacho. Chachitatu, ntchitoyo inkatenga nthawi yaitali ndipo inkadalira kwambiri diso ndi dzanja la munthu mmodzi.

4.0 Njira ya Makina

4.1 Chithunzi cha m'kompyuta. Kusintha kwakukulu kunaoneka ndi ndege ya Boeing 777, imene inauluka koyamba pa 12 June 1994. Imeneyi inali ndege yoyamba ya kampaniyo yojambulidwa yonse m'kompyuta, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya CATIA ya kampani ya ku France ya Dassault. Tanthauzo lake n'lakuti muyeso weniweni wa ndege sunakhalenso m'chimango chachitsulo koma m'manambala. Malo alionse pa ndege amadziwika ndi manambala atatu: kutalika kwake kuchokera kutsogolo, kuchokera pakati kunka kumbali, ndi kuchokera pansi kunka kumwamba.

4.2 Chipangizo choyezera. Chipangizo chimene chinachititsa kuti manambalawo afike pa chitsulo chenicheni ndi laser tracker, chimene chinayamba kugulitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Chimagwira ntchito motere. Pa chigawo choti chiyezedwe amaikapo kampira kachitsulo kokhala ndi timagalasi titatu m'kati mwake, timene timabweza kuwala kumene kwachokera. Chipangizocho chimatumiza kuwala kwa laser pa kampirako, kuwalako n'kubwerera. Kuchokera pa kuwala kobwererako chimawerengera mtunda, ndipo m'mutu mwake muli zoyezera ziwiri zosonyeza mmene mutuwo watembenukira cham'mbali ndi mmene wawerama kapena kuyang'ana kumwamba. Mtunda umodzi ndi ngodya ziwiri n'zokwanira kupereka manambala atatu aja. Kampirako kakasuntha, chipangizocho chimakalondola chokha. Pa mtunda wa mamita angapo, kuphonya kwake sikufika ngakhale pa kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Palinso njira ina yogwiritsa ntchito makamera: amamata timadontho towala pa chigawocho, n'kuchijambula kuchokera mbali zosiyanasiyana, ndipo kompyuta imapeza malo a dontho lililonse poyerekeza zithunzizo.

4.3 Majeki oyendetsedwa ndi kompyuta. Chinthu chilichonse cholimba chingathe kusuntha m'njira zisanu ndi imodzi: kutsogolo kapena kumbuyo, kumanja kapena kumanzere, kumwamba kapena pansi, ndiponso kutembenuka m'njira zitatu, ndiko kugudubuka, kuwerama ndi kupotoloka. M'fakitale yamakono phiko kapena chigawo cha thunthu chimakhazikidwa pa majeki a magetsi amene angathe kuchisuntha m'njira zonsezi. Zoyezera zimaona pamene chigawocho chili. Kompyuta imayerekeza zimenezo ndi chithunzi chake, n'kulamula majeki kuti asunthe. Kenaka zoyezera zimayezanso. Zimenezi zimabwerezedwa kufikira kusiyana kotsalako kutakhala m'kati mwa malire ololedwa, ndipo pamenepo m'pamene amaboola mabowo ndi kumanga. Mafakitale ena amayeza nkhope ziwiri zimene zidzakumane zisanakumane n'komwe, kotero kuti ma shim amadulidwiratu ndi makina molingana ndi mpata umene udzakhalepo.

5.0 Kutentha ndi Kuzizira

Mdani wamkulu wa muyeso ndi kutentha. Aluminiyamu, chitsulo chopepuka chimene ndege zambiri zimapangidwa nacho, amatalika ndi mamilimita pafupifupi 0.023 pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Motero chigawo chotalika mamita 30 chimatalika ndi mamilimita pafupifupi 7 kutentha kukakwera ndi madigiri 10. N'chifukwa chake mayiko anagwirizana kuti miyeso ya m'mafakitale iziwerengedwa monga ikanakhalira pa madigiri 20, ndipo makina oyezera amakhala ndi zipangizo zopimira kutentha kwa mpweya ndi kwa chitsulo. Mfundo imeneyi si yachilendo ku Chongwe, kumene m'mamawa wa mwezi wa June kumazizira kwambiri pamene masana a mwezi wa October kumatentha kupitirira madigiri 30.

6.0 Zotsatira za Kuphonya

Makina sachotsa udindo wa munthu. M'mwezi wa August 2020 ndege zisanu ndi zitatu za Boeing 787 zinaimitsidwa zitapezeka kuti polumikizira zigawo zakumbuyo za thunthu panali ma shim osayenera ndiponso nkhope zosasalala mokwanira. Malire ololedwa pamalopo anali mainchesi 0.005, amene ndi mamilimita 0.127. Zolakwa zina zofanana nazo zitapezekanso, kampaniyo inaleka kupereka ndegezi kwa ogula kuyambira mu May 2021 kufikira mu August 2022.

Chitsanzo chachiwiri chikukhudza okonza ndege. Pa 8 January 2003 ndege ya mtundu wa Beechcraft 1900D ya kampani ya Air Midwest inagwa itangonyamuka pabwalo la Charlotte ku America, ndipo anthu onse 21 amene analimo anamwalira. Ofufuza anapeza kuti masiku ochepa m'mbuyomo zingwe zoyendetsera chiwongolero cha kumchira zinamangidwa molakwika, kotero kuti chiwongolerocho chinkatsika pafupifupi theka chabe la mmene chinayenera kutsikira. Anapezanso kuti ndegeyo inalemedwa, ndipo kulemerako kunali kumbuyo kopitirira malire. Miyeso iwiri yophonyedwa inakumana tsiku limodzi.

7.0 Ntchito ya Mmisiri wa ku Chongwe

Ndege zimene zakhala zikutera pabwalo la ku Chongwe zinalumikizidwa m'nthawi zosiyana ndi m'njira zosiyana. Ndege ya DC-10 yotchedwa Nkwazi, imene kampani yakale ya Zambia Airways inalandira m'chaka cha 1984, inali ya nthawi ya zimango zazitsulo. Kampaniyo inatsekedwa mu December 1994. Kampani yatsopano ya dzina lomwelo, imene inayamba ntchito mu December 2021 mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, inayamba ndi ndege ya Dash 8-400 yopangidwa ku Toronto. Mtundu uliwonse uli ndi buku lake la miyeso, ndipo mmisiri amatsata bukulo.

Ndege ikatera mwamphamvu kwambiri, ikakumana ndi mphepo yoopsa, kapena ikasinthidwa chigawo chachikulu, amaikweza pa majeki m'nyumba yopanda mphepo, n'kuikhazika molingana, kenaka n'kuyeza kuchokera pamphuno kufika kunsonga ya phiko lililonse, ndi kuchokera kunsongako kufika kumchira. Miyeso ya kumanja ndi ya kumanzere iyenera kugwirizana ndi ya m'buku. Pomanga zingwe za ziwongolero, mmisiri amayamba wapima kutentha, pakuti thunthu la aluminiyamu limatalika koposa chingwe chachitsulo, motero chingwe chimakungika kukatentha ndi kulekerera kukazizira. Ndegeyo imaikidwanso pa sikelo kuti adziwe kulemera kwake ndi pamene kulemerako kwakhazikika.

Zoyezerazo nazonso ziyenera kuyezedwa pa nthawi zoikika, poziyerekeza ndi muyeso wodalirika koposa, umenenso unayerekezedwa ndi wina woposa, kufikira pa mita yeniyeni, imene kuyambira m'chaka cha 1983 imatanthauzidwa ndi liwiro la kuwala. Ku Zambia ntchito yosunga miyeso ili m'manja mwa Zambia Metrology Agency, yokhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2017, pamene kuyang'anira ndege ndi amisiri ake kuli m'manja mwa Zambia Civil Aviation Authority. Kufunika kwa kuyang'anira kotere kunaoneka pamene bungwe la European Union linaletsa ndege za makampani a ku Zambia kulowa m'mayiko ake kuyambira 2009 kufikira 2016.

8.0 Za Mawu

Kwa aphunzitsi a chiyankhulo, phunziroli likusonyeza kuti mawu ambiri ofunika tili nawo kale, koma ayenera kusiyanitsidwa bwino. Kuyeza kapena kupima ndiko kupeza nambala. Kuwongola ndiko kuchotsa kupindika kwa chinthu chimodzi, pamene kulunzanitsa ndiko kuchititsa kuti zinthu ziwiri zikumane moyenera, ndipo kulumikiza ndiko kuzimanga zitakumana. Kulondola kwa muyeso ndiko kuyandikira kwake ku choonadi, ndipo n'kosiyana ndi kusasinthasintha: sikelo yonama ya pamsika ingathe kupereka nambala imodzimodzi kakhumi konse, komabe n'kukhala yonama. Pa kuphonya kumene buku likuvomereza tagwiritsa ntchito mawu akuti malire ololedwa, ndipo pa kulondoloza choyezera kufikira pa mita yeniyeni tikuganiza kuti mawu akuti mzere wa miyeso, motsanzira mzere wobadwira, angathandize wophunzira. Mayina a zipangizo, monga laser tracker, tawasiya monga alili, pakuti ndiwo amene mmisiri adzawapeza m'buku lake.

9.0 Mawu Omaliza

Taona kuti muyeso wa ndege unachoka m'chimango chachitsulo n'kulowa m'kompyuta, ndi kuti makina amakono amayeza, kuyerekeza ndi kusuntha zigawo mobwerezabwereza kufikira zitalunzana. Taonanso kuti ntchito ya m'fakitale ku Toulouse kapena ku Toronto imapitirizidwa ndi mmisiri wa ku Chongwe, amene ayenera kumvetsa chifukwa cha nambala iliyonse imene akulemba ndi kusainira. Buku lake lidzakhalabe m'Chingerezi, koma wophunzira amene wafotokozeredwa mfundozi m'chiyankhulo chimene amaganiziramo adzalitsata bukulo mozindikira, osati mongoloweza.