Kaswiti Kamodzi, Thukuta la Alimi Atatu

M'masitolo a m'matauni mumapezeka maswiti ena okulungidwa m'pepala lonyezimira, amene kunja kwace ndi chokoleti, koma m'kati mwace muli phala lofewa lonanda lochedwa karamelo. Mwana amatsiriza kaswiti kotere asanaturuke n'komwe pakhomo la sitolo. Komatu kuti kapangidwe, alimi atatu amayamba akhetsa thukuta: wa nzimbe, wa ng'ombe za mkaka, ndi wa koko.

Karamelo alibe cinsinsi cacikuru. Shuga, wonga amene acokera ku minda ya nzimbe ya Nakambala ku Mazabuka, akakhalitsa pamoto amasungunuka nafiira. Akamuphika pamodzi ndi mkaka ndi batala kufikira atalimba ngati phala la mwana, karamelo wapsa. Kumafakitale amamuthira m'tizikombole ndi kumukuta ndi chokoleti. Amodzi mwa maswiti ochuka a mtundu umenewu ndi Rolo, amene kampani ya Mackintosh ya ku England inayamba kupanga m'caka ca 1937. Mwini wace woyamba wa kampaniyo, John Mackintosh, anayamba ndi kasitolo kakang'ono mumzinda wa Halifax mu 1890.

Nchito yowawa koposa iri pa chokoleti. Iye amacokera ku mbeu za mtengo wa koko, umene kwao ndi ku America, kumene anthu a mtundu wa Aztec anali kugwiritsa nchito mbeuzo monga ndalama. Mbiri ya ku Ghana imasimba kuti wosula zitsulo wina, Tetteh Quarshie, anabwera nazo mbeuzi kucokera ku cisumbu ca Fernando Po mu 1879, nazibzala ku Mampong. Lero Ghana ndi Ivory Coast ndiwo amatsogolera dziko lonse lapansi pa ulimi wa koko, ndipo ambiri mwa olimawo ndi a minda ing'onoing'ono.

Mlimi wa koko amayembekeza zaka 3 kufikira 5 kuti mtengo uyambe kubala. Zipatso zace zimamera pa thunthu penipeni monga mapapaya. Zikapsa amazithyola, naziswa ndi cikwanje, naunjika mbeu pansi pa masamba a nthoci kwa masiku 5 kapena 6 kuti zisase, ndipo pambuyo pace amaziyanika padzuwa. Akatero nchito yace yatha. Matumba amakwera zombo kunka ku Europe ndi ku America, kumene mbeuzo zimakazingidwa, kuperedwa ndi kusanganizidwa ndi shuga ndi mkaka.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Phindu lalikuru limatsalira wopera, wokulunga ndi wogulitsa, osati wolima. Alipo alimi a koko amene akalamba osalawako chokoleti. Pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga, maboma a Ghana ndi Ivory Coast anapangana mu 2019 kuti ogula azionjezera madola 400 pa tani iriyonse ya koko. Mu 2024 mtengo wa koko pa misika ya kunja unapitirira madola 10,000 pa tani, koma cimene cinaukweza cinali kucepa kwa zokolola cifukwa ca matenda a mitengo ndi kusokonezeka kwa mvula. Mlimi amene munda wace unafa analibe cogulitsa.

Nkhani imeneyi si yacilendo kwa mlimi wa ku Chipata kapena ku Katete. Nshawa za Chalimbana zinachuka kunja kwa dziko lino cifukwa opanga maswiti anali kuzifuna, koma zinali kuturuka ziri zaziwisi m'matumba. Amene amazikazinga ndi kuzikuta ndi shuga ndiye amachula mtengo wotsiriza. Mbeu ikacoka pamudzi monga momwe inakololedwera, ndalama zace zambiri zimakathera kwa ena.